Yadutsa Kale

Gudumu lakumanzere linatitimira m'matope mpaka pakati. A Telala anapalasa ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, koma njinga yawo inangolira n'kukhala pomwepo, pakati pa ngalande. Komatu mvula ya dzulo lake inali yongowaza, yeniyeniyo inali isanayambe n'komwe.

"Kankha mwana iwe, usaope kuda!" anatero.

Mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomutchula kuti Kalembera chifukwa cha zilembo zake zooneka ngati zotayipa, anavula nsapato za kusukulu n'kulowa m'matopemo. Anakankha mpaka kuterereka n'kugwada. Pamapeto pake abambo awiri odutsa ananyamula a Telala, wina m'khwapa wina miyendo, n'kukawakhazika tsidya linalo, kenako n'kubwerera njinga. A Telala anathokoza uku akuseka, koma mwana wawo anaona kuti zawapweteka mumtima.

Ngalande imeneyi ndi imene inkalekanitsa nyumba za anthu ndi msika, kumene a Telala ankasokera. Oyenda ndi miyendo ankawolokera pa matabwa awiri osanjika. A Telala, amene miyendo yawo inafooka ali mwana, ankatsikira pamalo pamene khoma la ngalandeyo linagumuka n'kukwerera mbali inayo. M'chilimwe zinkatheka. Mvula ikalimba madzi ankafika m'chiuno, ndipo njira ina inali yozungulira kumsewu waukulu, maola awiri a chitunda ndi malole. Kusokera kunyumba kunali kosatheka, chifukwa makina awo anali a magetsi, popeza opalasa ndi mapazi sakanawatha, ndipo m'nyumba mwawo munalibe magetsi. Chaka cham'mbuyocho anakhala pakhomo miyezi itatu, makasitomala n'kuthawira kwa ena.

N'chifukwa chake anthu a m'deralo analemba kalata ku khonsolo ya mzinda yopempha kamlatho ka simenti. Amene anagwira cholembera anali Kalembera, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtsikanayo ankayenda ngati khonsoloyo ndi ya amalume ake.

Madzulo a tsiku la matope lija amayi ake anafika kuchokera ku ntchito yawo yochapa ku hotela, ndipo asanavule n'komwe nsapato anayamba nkhani.

"Mayi a golosale aja akuti khonde lawo likadalipo, magetsi alipo, ndiponso ndi tsidya lino. Koma pali wina wokonza mafoni akulifunanso. Akuti muwayankhe pofika Lachisanu."

"Pakhonde paja pamadutsa ndani?" anafunsa a Telala akupala matope ku gudumu ndi kamtengo. "Agalu ndi ana otumidwa mchere."

"Bola agaluwo, kusiyana ndi kukhala m'nyumba miyezi itatu mukuwerenga malata."

"Malo awiri sindingawathe, make mwana. Ndikatenga khonde ndiye kuti kumsika ndataya, ndipo malo a kumsika akapita apita. A khansala akuti nkhani yathu ili pa msonkhano wa Lachitatu, mfundo nambala leveni. Ikadutsa, mlatho amanga mvula isanalimbe. Ikakanika, nditenga khondelo popanda kuwiringula."

Vuto linali loti ndani apite kukamva. Chipinda cha misonkhano chinali pamwamba, kokwera ndi masitepe okhaokha, ndipo amayi sakanajomba ku ntchito. Onse awiri anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ukakhale kutsogolo," anatero bambo ake. "Ukamve ndi makutu akowa, osati za m'maluwa."

"Musadandaule bambo, kalatayo ndinalemba ndine," anayankha Kalembera, khosi lili m'mwamba.

Lachitatu anapempha chilolezo kusukulu n'kufika ku khonsolo nthawi ikadalipo. Koma nyumbayo inali yaikulu kuposa mmene ankaganizira, zitseko zake zonse zofanana. Ataona mzere wautali wa anthu ogwira mapepala, anaganiza kuti amenewo ndiwo olowa mumsonkhano, ndipo anaima kumbuyo kwawo. Kufunsa sanafunse, poopa kuoneka ngati wachilendo. Mzerewo unayenda mwaulesi kwa ola ndi theka mpaka anafika pa zenera.

"Laisensi ya chiyani?" anafunsa bambo wa pazenerapo.

"Ine ndabwera ku msonkhano."

"Msonkhano ndi pamwamba, mwanawe. Uno ndi mzere wa malaisensi a bizinesi."

Anthu a kumbuyo kwake anaseka chikhakhali. Kalembera anakwera masitepe awiriawiri, nkhope ikumutentha ndi manyazi. Pamwamba anapeza chitseko chotseka, ndi mlonda atakhala pampando akuwerenga nyuzipepala. Mkatimo munkamveka mawu a munthu wotopa: "Mfundo nambala nayintini, kugula matayala a galimoto yotola zinyalala. Ovomereza?"

"Pepani bambo," anatero Kalembera akupuma wefuwefu. "Nanga nkhani ya mlatho wa pa ngalande, nambala leveni?"

"Leveni?" anatero mlondayo, maso ali pa nyuzipepala. "Aaa, imeneyo yadutsa kale. Kalekale."

Mawu ena onse sanawafunenso. Anatsika masitepe aja ngati akuthamangitsidwa, ndipo pa matabwa a pa ngalande anawoloka osayang'ana n'komwe pansi.

"Yadutsa! Bambo, yadutsa!" anakuwa asanalowe m'nyumba.

A Telala anaomba m'manja kamodzi, kenako anamuyang'anitsitsa. "Unamva wekha?"

Apa Kalembera anakumbukira mzere wa malaisensi ndi chikhakhali cha anthu aja. Anaona kuti akaulula, amayi ake adzamuseka nazo mpaka adzakwatiwe. Ndipotu nkhaniyo inali itadutsa, nanga kulowa kapena kusalowa kunali ndi ntchito yanji?

"Eee, ndinali pa mpando wakutsogolo," anayankha.

"Tafotokoza bwino, zinayenda bwanji?"

Ndiye anafotokoza, n'kuthirako mchere. A khansala anaimirira n'kuyankhula mpaka kusasa mawu. Wapampando anagwedeza mutu. Manja anakwera m'mwamba pafupifupi onse, kupatula bambo wina wadazi amene ankagona. A Telala anaseka mpaka misozi, n'kumuuza kuti abwerezenso za wadaziyo. Kenako analembera a khansala uthenga wothokoza pafoni, ndipo yankho linabwera lalifupi: "Zikomo, tili limodzi."

M'mawa mwake a Telala anapalasa njinga okha kukakana khonde lija mwaulemu. Kumsika anauza aliyense kuti chaka chino sasowanso, abweretse nsalu. Anthu anabweretsadi, mayunifolomu a ana, madiresi a akwaya, ngakhale zovala za operekeza mkwatibwi.

Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Pa ngalande sipanafike lole ya miyala, ngakhale munthu wonyamula chingwe choyezera. A Telala akaimbira a khansala, yankho linali lakuti, "Tikuziona, tikuziona," kenako foniyo inasiya kupezeka. Anthu anayamba kumucheza Kalembera m'njira.

"Mlembi wamkulu, mlatho wako uja akuuumba kumwamba kuti adzangoutsitsa?"

Iye ankaseka nawo modzikakamiza. Mitambo inali itayamba kuda masana alionse.

"Pita ukafunse tsiku loyamba ntchito," anamuuza amayi ake. "Si paja kumeneko ndi kwanu?"

Ulendo uno anafunsa njira pageti pomwe. Anamulozera chikwangwani chotchinga ndi galasi pamene ankamatapo zimene msonkhano wagwirizana. Anatsetsereka ndi chala pa galasipo. Nambala nayini, kupenta mpanda wa bwalo la masewero: yavomerezedwa. Nambala teni, kusintha mababu a mumsewu waukulu: yavomerezedwa. Nambala leveni, mlatho wa oyenda pansi pa ngalande: yakankhidwira chaka chamawa.

Anawerenga katatu, koma mawuwo sanasinthe. Analowa mu ofesi yoyandikana, mmene mayi wina wamagalasi, mlembi wa khonsolo, ankalumikiza mapepala.

"Pepani mayi, pachikwangwanipo mwalakwitsa. Nambala leveni inadutsa. Alonda anandiuza."

Mlembiyo anavula magalasi n'kumuyang'ana mwachifundo. "Kudutsa inadutsadi, mwanangu, monga imadutsira basi yodzaza. Alondawo ankatanthauza kuti taipitirira."

"Koma chifukwa chiyani?"

"Ndalama za ntchito zing'onozing'ono zinali zochepa, mapempho ambiri. Wapampando anafunsa ngati panali wa m'deralo woti ayankhulepo, panalibe. Khansala wanu anali atatuluka kukayankha foni. Wina anati tiione chaka chamawa, wina anavomereza, basi tinapita pa thwelofu. Sizinathe ngakhale mphindi ziwiri."

"Bambo anga sayenda," anatero Kalembera. "Mvula ikayamba sangafike ku ntchito. Palibe chimene mungachite?"

"Ine ndimangolemba zimene anena. Zikasainidwa zasainidwa, mpaka msonkhano wa bajeti yatsopano."

"Ndikanakhala kuti ndinalowa, zikanasintha?"

Mayiyo anapukuta magalasi aja ndi nsonga ya bulauzi. "Sindikunamiza, mwina inde, mwina ayi. Tsiku lomwelo tinakankha nkhani zisanu ndi imodzi, ina eni ake ali pomwepo. Kungoti ukanadziwa tsiku lomwelo." Atatero anabwerera ku mapepala ake, chifukwa panali munthu wina akudikira chidindo.

Kalembera sanapite kunyumba. Anathamangira ku golosale kuja. Ali chapatali anaona kuti khondelo lapentedwa kale, ndipo wokonza mafoni uja anali ataweramira pa tebulo lake, mawaya ali mbwee.

"Ndinawadikira bambo ako, koma anabwera okha kudzakana," anatero mayi a golosale. "Uyu tagwirizana chaka chonse. Ndimuchotse bwanji munthu atakhoma kale mashelefu?"

"Ngakhale kangodya kokha, mayi? Makina awo ndi aang'ono."

"Taona wekha, njinga yawo ingakhote pati pamenepa?"

Anayang'anadi, ndipo malo panalibe. Panalibenso wina woti akamudandaulire, chifukwa aliyense anali atamuyankha mwaulemu.

Madontho oyamba anamupeza m'njira. Kunyumba anapeza bambo ake atafika kale, ataweruka msanga poona mitambo, ndi thumba lalikulu la nsalu zoti azidule. Amayi ake ankatchera mabeseni modontha.

"Akuti ayamba liti?" anafunsa a Telala mosangalala, akudula nsalu ndi lumo.

"Bambo, mlatho kulibe. Aukankhira chaka chamawa."

Lumo linaima. "Asintha maganizo? Angasinthe bwanji chinthu choti anakwezera manja?"

Pamenepa mpata wonamanso unalipo, ndipo bambo ake akanakhulupirira. Koma Kalembera anayang'ana nsalu zija n'kuganiza zongoulula.

"Sanasinthe. Manja aja kunalibe. Ine sindinalowemo, bambo. Ndinasochera, ndinaima pa mzere wa malaisensi. Nditafika, alonda anati yadutsa kale, ine ndinamva ngati avomereza. Zinazo ndinangopeka."

Amayi ake anaponya beseni pansi. "Iwe! Bambo ako anakufunsa, ine ndili pompano! Ukudziwa chimene watitayitsa?"

"Musiyeni," anatero a Telala chapansipansi. Mvula inkakulirakulira pa malata. Kenako anati, "Kusochera si mlandu, mwananga. Nyumba imene ija ndikanasochera ngakhale ine. Ukanangonena, ndikanakuseka pang'ono, m'mawa n'kutuma munthu kukafunsa. Tinali ndi masiku awiri."

Sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa mbama. Analira mpaka kusowa misozi.

Mvula inagwa masiku atatu osakata. Ngalande inadzaza, thabwa limodzi n'kukokoloka. Tsiku lachinayi a Telala anayesa njira ya kumsewu waukulu, koma anabwerera pa chitunda choyamba atanyowa thupi lonse, m'manja muli matuza. Atasintha zovala anakoka thumba lija n'kuyamba kupinda nsalu imodziimodzi, iliyonse n'kuibaya kapepala ka dzina la mwini wake.

"Izi zibwerere kwa eni ake akapeze telala wina," anatero. "Ukwati sudikira kuti ngalande iume."

"Ndikapereka ndine Lamulungu," anatero amayi.

"Ayi amayi," anatero Kalembera. "Ndipita ine."

Anasenza thumbalo n'kutuluka. Khomo loyamba linali la mayi wina wogulitsa masamba, amene mwana wake ankakwatiwa kumapeto a mweziwo. Mayiyo anatsegula akumwetulira, koma atatambasula nsaluyo n'kuona kuti ndi yosasoka, nkhope inagwa.

"Nanga bwanji? Asiya ntchito a Telala? Paja iwe unati nkhani ya mlatho yadutsa, unaona ndi maso ako?"

Kalembera anamuyang'ana kumaso. "Ndinanama, mayi. Tsiku lija sindinalowe mumsonkhano. Bambo alibe chifukwa."

Mayiyo anapindanso nsalu yake ija. Kalembera anapepesa, anasenzanso thumba lija n'kulunjika khomo lachiwiri. Anali atatsala ndi makomo khumi ndi atatu.