Foni Pamwamba pa Makina

Anakumana pa siteshoni ya mabasi ku Ndola, mvula ikuwaza. Purity ankafunafuna chenji m'kachikwama, ndiye peni yakale, ndalama yachitsulo yobooka pakati, inagwa n'kugubuduzika mpaka paphazi pa mnyamata wovala jekete yachikopa.

"Iyi kondakitala sangalandire, mlongo," anatero mnyamatayo akuitembenuza. "Mwaitenga kuti?"

"M'shopu ya malemu atate, ku Chipulukusu."

"Ndine Lighton. Ndimatolera makobidi akale. Koma lero ndatola choposa kobidi."

Purity anaseka, nambala n'kupereka.

Shopuyo anaitsegula a Zacharia, atate ake, atasiya ntchito ya mumgodi. Pakauntala panali makina akale a ndalama, amkuwa, olemera ngati thumba la simenti. Ukadina batani, belu linkalira ngee, kabati n'kutuluka yokha. Okalamba ankabwera kudzagula machesi amodzi kuti angomva belulo, n'kuyamba kukumbutsana masiku omwe ngwee inkagula bani.

Lighton anayamba kubwera Loweruka lililonse kuchokera ku Kitwe. Mauthenga ake anali uchi wokhawokha: "Duwa langa, Kitwe yonse ilibe wofanana nawe."

Koma azakhali ake a Purity, a Gertrude, sanakomedwe.

"Mwana wa achimwene, mwamuna wanji wolowa m'nyumba n'kuyamba kupatsa moni makina, iwe pambuyo?"

"Amakonda zakale, azakhali."

"Ndiye akwatire ine."

Purity anaseka, koma mawuwo anamulowa. Anayamba kumuyang'anitsitsa Lighton. Purity akangotembenuka kuti apimire munthu shuga, Lighton ankaika foni yake pamwamba pa makinawo n'kumaiyang'ana ngati mayi wodikira mwana kuti adzuke. Ankadikira uthenga wa yani? Nanga bwanji pamakina pomwepo, osati m'thumba?

Tsiku lina kabati inakanirira. Lighton anagwira Purity dzanja.

"Ku Kitwe kuli mmisiri. Ndikakonzetse, switi. Tsiku la chinkhoswe chathu belu ili lidzalira, atate ako amve komwe aliko kuti mwana wawo wapeza munthu."

Mtima unamuuza kuti akane. Koma mungakane bwanji munthu wotchula atate anu motero? Anyamata awiri ananyamula makinawo n'kuwakweza m'takisi.

Sabata inatha, ina n'kutha. Mauthenga anafupika: "Mawa, dali." Kenako "Mawa" basi.

Purity anakwera basi ya ku Kitwe osamuuza. Ku Nkana East, komwe Lighton ankati amakhala, anafunsafunsa mpaka wogwira ntchito m'dimba anamulozera kanyumba kakuseri kwa nyumba yaikulu. Asanafike anamva hamala ikulira.

Pabwalo panali makina osokera oduka makosi, mawotchi apakhoma ong'ambidwa mimba, mawailesi akale ndi maayironi amakala ophwasulidwa. Pakati pa zonsezo, mabatani amkuwa a makina a atate ake anali mbwee m'fumbi. Belu linali pambali, lophwanyika ngati chitini chopondedwa ndi lole.

Lighton anadzuka, hamala ili m'manja.

"Switi, ndifotokoze. Makina akale a azungu amakhala ndi mankhwala osowa m'kati, mekyule wofiira. Ogula alipo, amalipira zoti sitingagwirenso ntchito moyo wonse. Ndimachitira tonse awiri."

"Ndiye foni ija?"

"Amati ukaiika pamwamba netiweki n'kuchoka, ndiye kuti ulimo. Inkachoka, ndinaona ndi maso anga."

"M'shopu mwathu netiweki imachoka paliponse, Lighton. Ndi chifukwa cha malata."

Lighton anaika hamala ija pambali.

"Pa siteshoni paja," anatero Purity, "ukanandifunsa nambala peni ija ikanapanda kugwa?"

Lighton anayang'ana pansi. Purity anagwada, n'kuyamba kutolera mabatani m'chitenje, limodzilimodzi, akupukuta lililonse ndi chala. Misozi inkagwera pamkuwapo. Adzawauza chiyani okalamba aja?

Atafika pageti anamva mapazi kumbuyo. Mtima wopusawo unadumpha: mwina akubwera kudzagwada, kudzapepesa. Anaima, koma sanacheuke.

"Duwa langa," anatero Lighton motsitsa mawu, "kodi atate ako sanasiye ayironi yamakala, ija yokhala ndi tambala pamwamba?"