Ndodo Yachisanu ndi Chiwiri

Foni inalira mayi wofufuza milandu ali mkati mochapa mayunifolomu a ana.

"Mayi, kufakitale ya zitsulo kwapezeka mtembo."

Anasiya zovala m'beseni. Linali Lolemba, 7:40 m'mawa.

Wophedwayo anali mmisiri wa imvi, woyendetsa makina. Anagona chafufumimba, bala lili kunkhongo. Patebulo panali ndodo khumi ndi ziwiri za aluminiyamu, iliyonse ndi nambala yake, zoyera mbee.

Injiniya wamkulu wa pamalopo, amenenso anali mkamwini wa malemuyo, anafotokoza ntchito yawo maso ali ofiira.

"Ndodo timaikankha ndi makina m'chibowo chokhota ngati chigongono. Ikatuluka timaitembenuza n'kuibwezanso, kasanu n'katatu. Tinjere ta m'kati mwake timaphwanyika n'kuchepa ngati ufa, chitsulo n'kulimba kwambiri."

"Sindinabwere kusukulu, bambo. Anayamba kufika ndani?"

"Mayi wosesa. Lachisanu anatukwanizana ndi apongozi anga."

Wosesayo anapezeka ndi magazi kunsapato. Pofika masana anali ali m'chitolokosi.

"Ndinangoponda, amayi," iye anadandaula. "Kunyumba ndasiya khanda, liyamwa chiyani?"

"Mukanaganiza kaye zimenezo," wofufuzayo anayankha, n'kutseka chitseko.

Lachitatu m'ma 10 dokotala ananena kuti malemuyo anamenyedwa ndi chitsulo chobulungira, chonenepa ngati mpini wa tsache. Ndodo zija zinali choncho, koma panalibe imene inali ndi dontho la magazi. Wofufuzayo anabwerera kufakitale n'kupeza mayi woyeza zitsulo.

"Achemwali, ndiyezereni zonsezi. Chilichonse chimene mumayeza."

Makina oyezera amadinda chitsulo ndi kampira kolimba. Chitsulo chikakhala cholimba, kadzenje kamachepa. Ndodo khumi ndi imodzi zinangokandika pang'ono. Pa yachisanu ndi chiwiri, kampira kanalowa ngati m'sopo.

"Iyi yafewa," woyezayo anatero. "Koma Loweruka ndinaiyeza ndekha, inali bwinobwino."

"Chingaifewetse n'chiyani?"

"Moto basi. Mukaiika m'ng'anjo tinjere tija timakulanso, ntchito yonse n'kupita pachabe. Pano ngakhale mphaka akudziwa zimenezo."

"Makiyi a ng'anjo amasunga ndani?"

Woyezayo anayang'ana pansi. "Abwana okha."

Itakwana 2 koloko, wofufuzayo anaika ndodoyo patebulo la m'chipinda chofunsira, pamaso pa injiniya.

"Ndatopa, bambo, tisazungulire. Mayi wosesa alibe makiyi a ng'anjo."

Injiniyayo anaona kadzenje kaja.

"Magazi analowa m'mizere ya nambala," anatero. "Ndinatsuka, osachoka. Ndiye ndinawotcha. Zaka khumi ndakhala ndikukalipira anthu kuti ndodo zimenezi zisayandikire moto."

"Munawapheranji?"

"Mawa kukubwera alendo odzandilemekeza chifukwa cha njira yathuyi. Koma njirayo si yanga. Ine ndinkangobwereza ndodo m'chibowo, izo n'kumang'aluka. Apongozi anga ndiwo anatulukira zoitembenuza pang'ono ulendo uliwonse. Munthu wosatha n'kulemba kalata komwe. Pamapepala onse ndinalembapo dzina langa lokha."

"Ndiye?"

"Lamulungu usiku anati adzaimirira pamaso pa alendo ndi pa mkazi wanga n'kuulula zonse. Anati, 'Mkamwini, mwana ndinakupatsani ndi manja awiri, koma nzeru mwachita kuba.' Atatembenuka, ndodo inali m'manja mwanga."

"Nanga mayi wosesa anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Ndinangodziwa kuti pakati pa ine ndi iye, mukhulupirira ine."

Wofufuzayo analemba mawuwo monga anayankhulidwira. Sanatume munthu, chitolokosi anakatsegula yekha. Wosesayo anali atakhala pansi, bulauzi yake itanyowa ndi mkaka wa masiku awiri.

"Pepani, mayi. Ndinalakwa ndine."

Wosesayo anadzuka pang'onopang'ono. "Inu muli ndi ana?"

"Atatu."

"Oho." Anangotero, n'kudutsa osamuyang'ananso.

Kunyumba, wofufuzayo anapeza beseni lili pomwe analisiya, madzi atayamba kununkha. Mwamuna wake anasuzumira pakhomo.

"Amayi a ana, akuti mwagwira wakupha. Mwagwira ntchito."

"Ndisiyeni."

Anataya madziwo, n'kutunga ena. Anatenga malaya oyamba, nayamba kufikisa kolala. Ena asanu anali akudikira.