Bomba Limene Linagona

Sajeni anatuluka pakampu usiku, lole itamusiya kalekale. Tsiku lonse anali kudzenje, kuphulitsa mabomba akale amene anachita dzimbiri mosungira zida. Lamulo limati mukaphulitsa, mufufuze dzenje lonse ndi makina, kuopa kuti lina latsala. Koma batire la makinawo linatha, ndipo bwana anangoti, "Sainani basi, zonse zapsa." Sajeni anasaina. Pantchito imeneyi wamng'ono sachita makani, ngakhale mtima ukukana.

Njira yakwawo imadutsa m'mbali mwa waya wa dzenje lomwelo. Fungo la wonga linali lisanathe. Atafika pamene otola zitsulo anaboola waya, anamva mapazi kumbuyo. Phazi limodzi likukwakwaza pansi.

Anaima. Nawonso anaima.

Anatembenuka... Mdala wotsimphina, thumba paphewa, kawailesi kosalira kali lende pakhosi.

"Mkamwini," anatero mdalayo, "bomba limodzi linagona. Silinafe."

Sajeni anafunsa msanga.

"Lili pati, bambo?"

"Lapita kale kwanu. Mwana wanga alibe makutu, ngati ine."

Sajeni anaphethira kamodzi. Panjira panalibe munthu!

Anathamanga. Anagwa, nadzuka. Foni inali itazima. Mlamu wake, amene amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ntchito yake ndi yotola zitsulo. Ndipo khoma la kachipindako ndi lomwelo la kuchipinda kwa ana.

Anagogoda ngati wamisala. Mkazi wake anatsegula, maso ali tulo tokhatokha.

"Alamu ali kuti?"

"Achimwene? Ali kuseriko. Abwera ndi chitsulo chachikulu, akuti muli mkuwa wambiri. Nanga mwatani, bambo a ana?"

Sajeni anafotokoza mwachibwibwi za mdala uja, mwendo wake, kawailesi kake. 

"Amenewotu ndi bambo anga," ananong'ona mkaziyo. "Inu simunawaonepo. Anafera kudzenje komweko ndili mtsikana, akutola zitsulo. M'manda tinaikamo wailesi ndi nsapato imodzi basi."

Sajeni anatembenukira kuseri.  Zaka zonse zogwira mabomba, sanachitepo mantha otere.

Kuseri kwa nyumba nyundo inayamba kulira pachitsulo.

Ngo... ngo... ngo...