Misozi ya Kachipeso

Tsiku limene Dayirekita analowa mu saluni muja, Kachipeso anali kalikiliki kuluka kasitomala, chipeso chitabayidwa m'tsitsi mwake. Dzinalo analitengera pamenepo, chifukwa chipesocho sichinkachoka m'mutu ngakhale popita ku ukwati.

"Ndikufuna munthu wokonza tsitsi ndi nkhope za osewera mu filimu yanga," anatero bamboyo. "Koma ndangoona zala zakozi, ndaiwala ndi filimu yomwe."

Azimayi amene anali m'madiraya anaseka chikhakhali. Kachipeso anangozyolika. Ndani sankamudziwa munthu ameneyu? Masewero ake a pa TV, amene ankalemba yekha n'kutsogoleranso yekha, anali atapsereretsa ndiwo m'makomo ambiri.

Kachipeso anatsanzika ku saluni. Ntchito yatsopano inayamba, mameseji nawo anayamba.

"Duwa langa, lero cholembera chakana ntchito. Akuti mpaka ndione nkhope yako."

"Nthiti yanga, ukamapesa Dona ndimachita nsanje ndi tsitsi lakelo."

Dona anali mtsikana wosewera mbali yaikulu mu filimuyo. Anzake anam'patsa dzinali chifukwa ngakhale chikwama chake chomwe ankafuna womunyamulira.

Kenako inabwera meseji imene Kachipeso anaiwerenga mpaka kuiloweza: "Filimu iyi ikangotha, ndidzakuveka mphete anthu onse akuona."

Koma kuntchito Dayirekita sankamuyang'ana n'komwe. "Kumeneku ndine bwana wako, bebi," ankatero. "Anthu a mafilimu pakamwa sipatsekeka. Pirira pang'ono."

Achemwali ake a Kachipeso sizinawasangalatse.

"Mng'ono wanga, munthu amene amadyera kupeka nkhani, ukuganiza kuti akaweruka mabodzawo amawasiya mu ofesi?"

"Achemwali, simukumudziwa inu."

"Nanga iweyo ukumudziwa? Chibwenzi chanji chosaoneka masana?"

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la munthu amene wagwa m'chikondi ungalitsine mpaka kutuluka magazi, mwini wake n'kumangomwetulira. Kachipeso anapirira. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: kuti bamboyo amutchule wake pamaso pa anthu.

Tsiku lomaliza kujambula linafika. Anali m'chipinda chochezera cha nyumba yobwereka, mawaya ali pansi ponseponse, magetsi akuluakulu akuwotcha ngati mbaula. Gawo lotsala linali loti mnyamata agwade, atulutse mphete, ndipo Dona alire ndi chimwemwe.

Dona sankalira. Ankafinya nkhope ngati wadya ndimu, koma maso ali gwa. Kachipeso anam'donthezera mankhwala a m'maso, anajambulanso.

"Imani!" anakalipa Dayirekita. "Awa ndi madzi, si misozi! Mukufuna anthu akatiseke?"

Anabwereza mpaka wonyamula maikolofoni mikono inayamba kunjenjemera. Dayirekita anagwira chibwano. Kenako maso ake anayendayenda m'chipindamo n'kukaima pa Kachipeso.

"Ndatopa ndi chikondi chongoyerekeza," anatero motsitsa mawu. "Wapamtima wanga, tabwera kuno."

Wapamtima? Pagulu? Kachipeso bulashi inagwa m'manja. Anayenda mpaka pakati pa magetsi aja. Dayirekita analanda kabokosi ka mphete m'manja mwa mnyamata wosewera uja, nagwada pansi, osasamala za buluku lake loyera.

"Ndakubisa nthawi yaitali, ndikhululukire. Ndalemba mawu achikondi ambirimbiri, koma ndikaima pamaso pako ndimasanduka mbuli. Ukhale mkazi wanga, mayi wa ana anga."

Mphete inalowa mothina. Kachipeso anaiyang'ana pachala pake. Anaseka, kusekako n'kuthyokera pakati, nagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Misozi inatsika mpaka m'khosi. Mumtima ankangoti, achemwali, mukanakhala pano!

"Ee... ee, ndavomera!"

Palibe anaomba m'manja. Dayirekita anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, natembenukira kwa Dona.

"Waona? Amayamba waseka, kenako manja pakamwa, misozi pambuyo. Usathamangire kulira. Ndikufuna zimenezo."

"Ndaona," anatero Dona.

"Kachipeso, bweza mpheteyo. Ukonzenso nkhope ya Dona, dzuwa likutithera."

Wa kamera anayang'ana kudenga. Wa maikolofoni anayamba kukonza waya amene anali bwinobwino. Kachipeso anaima pomwepo, kumwetulira kusanachoke n'komwe pankhope.

"Mukuti bwanji?"

"Usapange nkhope imeneyo, bebi. Ndikanakuuza kuti tikuyeserera, ukanalira choncho?"

"Nanga lonjezo lija? Munati filimu ikatha..."

"Yatha ngati? Ndiwe ukuichedwetsa."

Ena anaseka, kuseka kwa anthu oopa kuchotsedwa ntchito. Mphete inakana kuvuka. Kachipeso anachita kutsegula botolo lake la mafuta a tsitsi, napaka chala, nakoka mpaka khungu linasupuka. Zinamuwawa, koma manyazi ndi amene anaposa.

Dona anali atakhala kale pampando, nkhope ataitukula kudikira paudala. Kachipeso anatola bulashi. Akanatani? Ku saluni anali atalemba kale wina.

"Mpheteyo uipukute bwino mafutawo," anatero Dona, maso ali chitsinzire. "Si ya filimu imeneyo, ndi yanga. Ndangobwereketsa. Anandiveka mwezi watha, makolo anga alipo."

Bulashi inaima m'malere.

"Anakuvekani ndani?"

Dona anatsegula diso limodzi. "Aa, iwenso! Pano pali amuna angati ogula mphete yotere? Ndipo ukwati ukayandikira ndikuuza, udzandikonze ndiwe. Uli ndi dzanja labwino."

Kachipeso anamaliza masaya, anakonza nsidze, nakaima kuseri kwa kamera kumene ankaima masiku onse. Mtima unkamupweteka moti ankapuma ndi pakamwa.

"Akishoni!"

Mnyamata wosewera anagwada. Dona anaseka, nagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka ndendende mmene anachitira Kachipeso. Anali atamubera chilichonse, kupatula misozi.

"Imani!" Dayirekita anamenya pepala pantchafu. "Zayandikira, koma sizinafike. Duwa langa, tabwera umuonetsenso kamodzi."

Onse anatembenuka kumuyang'ana. Kachipeso analuma mlomo kuti asalire pamaso pa munthu ameneyu, koma misozi siimva malamulo. Inali itayamba kale kugwera pa bulashi.

Dayirekita anamuyang'anitsitsa, nkhope yake ikuwala ngati watola chinthu chamtengo wapatali. Anakodola wa kamera n'kunong'ona mokweza moti aliyense anamva:

"Tembenuza kamera msanga. Misozi iyi tikaigwiritsa ntchito pa gawo la maliro."