Buku Limene Silinafike ku Kasungu

Tiwale anali pa siteji ya basi ku Jumeirah, mumzinda wa Dubai, m'kanyumba kagalasi kozizira kaja, akukalipira mwana wake Watipaso pafoni kuti asiye kujambula zidole m'makope a sukulu. Atadula foni, mwamuna amene anakhala pambali pake anaseka.

"Pepani achemwali, mawu anuwo andikumbutsa kwathu. Ndine Lazarous, wa ku Chipata. Ndimapakira katundu kudoko la Jebel Ali."

"Ine ndine Tiwale, wa ku Kasungu."

"Tiwale? Ine ndiye sindidzakuiwalani."

Basi inabwera, inapita, awiriwo ali chikhalire.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Tiwale sinapumenso. "Wadzuka bwanji duwa langa?" "Habibti, wokondedwa wanga, dzuwa la kuno limawotcha, koma silikuposa iwe." Tiwale ankawerenga mauthengawo kukhitchini, n'kumamwetulira yekha. Zaka zinayi akusamalira bwana Gerald, mzungu wokalamba wodwaladwala, panalibe amene anamutchulapo duwa.

"Disembala tikupita limodzi ku Kasungu," anatero Lazarous Lamlungu lina atamugwira dzanja. "Ndikaonekere kwa amalume ako. Watipaso adzakhala mwana wanga. Ndikulumbira!"

Ndani akanakayika?

Matenda atakula, bwana Gerald anamuitana Tiwale kuchipinda. Anatulutsa m'kabati buku la makatuni lakalekale, lotsekeredwa m'pulasitiki yolimba.

"Bambo anga anagula ili ali mnyamata, nkhondo yaikulu isanayambe. Ana anga alibe nalo ntchito. Ndi lako. Ulisunge bwino, wamva?"

Patatha sabata ziwiri nkhalambayo inamwalira. Tiwale analira, napeza ntchito ina kwa banja la ku Jumeirah Village Circle. Bukulo anaganiza zotumizira Watipaso, poti mtsikanayo ndi zojambula sankasiyana.

Atamuonetsa Lazarous, mwamunayo analitenga m'manja. Analitembenuza, analijambula ndi foni, anayang'ana kaye uku ndi uku.

"Kabuku chabe aka," anatero. "Bweretsa, mtima wanga. Kontena yathu ikunyamuka Lachinayi, ndikutumizira ulere. Usavutike ndi za mapositi."

Tiwale anamupsompsona patsaya. Mwamuna woganizira mwana wa mnzake chonchi angapezeke kuti?

Mwezi unatha. "Sitima yachedwa, dali." Wachiwiri unatha. "Katundu ali ku Beira, inshallah afika." Kenako mauthenga anayamba kufupika. Duwa lija linasanduka "sista". Lamlungu lililonse Lazarous ankati ali pa ovataimu. Watipaso naye sankatopa kufunsa: "Amayi, buku langa lili pati?"

M'mawa wina Tiwale akuthira tiyi, bwana wake watsopano anakuwa ali maso pa tabuleti.

"Anthu apenga! Madola mamiliyoni anayi, buku la makatuni limodzi! Aligulitsa pa okushoni, pomwe ogula amapikisana mitengo, ndipo akuti pamenepo palibe linagulidwapo mtengo wotere."

Anatembenuza tabuletiyo kuti madamu aone. Tiwale naye anaona. Chikuto chomwe chija, chofiira ndi chikasu.

Anadziuza kuti mabuku ofanana alipo ambiri padziko. Koma bwanayo anapitiriza kuwerenga mokweza: wogulitsayo anali wantchito wa m'nyumba zosungira katundu ku Dubai konkuno, amene akuti analitola m'katoni yotayidwa. M'munsi munali chithunzi. Lazarous, atavala suti yatsopano, dzanja lili m'chiuno mwa mayi woyembekezera. "Lazarous ndi mkazi wake Stellah."

Mkazi wake!

"Tiwale, tiyi akutayika!" anakuwa madamu.

Anapukuta tebulo, anapepesa, nathawira kuchipinda chochapira. Anaimbira Lazarous kasanu. Kachisanu ndi chimodzi foni inayankhidwa.

"Lazarous, ndaona."

"Waona chiyani?"

"Buku la mwana wanga! Unati lili ku Beira!"

Anamva mwamunayo akupumira m'mwamba ngati munthu wotopa ndi nkhani yachabechabe.

"Unandipatsa wekha, Tiwale. Ndinakulanda? Manje uli ndi pepala losonyeza kuti linali lako? Mzungu wakoyo anafa. Ukapita kupolisi adzakufunsa kuti wantchito wa m'nyumba analipeza bwanji. Adzati unaba. Ganiza bwino."

Tiwale anatsamira makina ochapira. Zinali zoona, analibe pepala, analibe mboni. Ndalama zimenezo zikanamuchotsa m'makhitchini a anthu, zikanamubwezera kwa mwana amene anamusiya ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Koma funso limene linatuluka pakamwa pake silinali la ndalama.

"Ndiuze chimodzi chokha. Tisanafike pa bukuli, miyezi yonse ija... unandikondako? Ngakhale tsiku limodzi?"

Tiwale anadikira, misozi ikutsikira m'khosi, mtima ukupemphabe bodza lina lokoma.

Chapatali kunamveka mawu a mkazi: "Laza, ndani ameneyo?"

"Palibe," anayankha Lazarous. "Munthu chabe, wasokoneza nambala."

Foni inaduka.

Tiwale anakhala pansi pakati pa madengu a zovala zakuda za eni nyumba, atatseka pakamwa ndi thaulo kuti kulira kwake kusamveke pabalaza.