Wotchi Yomwe Inkapita ku Chonde

Millie anakumana ndi Lenard pa siteji ya Chitakale tsiku lina chiperoni chitawaza m'mawa wonse. Anali ataweruka ku nazale ya tiyi komwe ankagwira ntchito, zikhadabo zikadali ndi dothi, ndipo anafunsa mnyamata amene anaima pambali pake kuti nthawi inali bwanji. Mnyamatayo anangotukula mkono, galasi lakuda la wotchi yake n'kuyaka lokha.

Lenard ankakonza mafoni m'kashopu kena pafupi ndi msika. Pomwe minibasi inkadzaza, n'kuti atamufotokozera kale kuti mawotchi a makolo athu ankangonena nthawi, kenako kunabwera aja a timabatani towerengetsera masamu, ndipo lero kuli awa amene amalandira mauthenga ndi kumva kugunda kwa mtima wa mwini wake.

"Taonani nokha, achemwali," anatero akumuonetsa kamtima kofiira kakuphethira pagalasipo. "Musanafike apa kanali phee. Mwandichita chiyani?"

Millie anaseka, ngakhale sanafune kuseka. Nambala yake anaipereka minibasi itayamba kale kuyenda.

Chikondi chinakula msanga. M'mawa uliwonse foni ya Millie inkalira: "Wadzuka bwanji, duwa langa la m'phiri?" Masana inkaliranso: "Sapitwa adzasuntha, koma ine ayi." Ndipo tsiku lina, atakhala pamwala m'mbali mwa munda wa tiyi, Lenard anamugwira dzanja n'kulonjeza kuti, "Pakati pa iwe ndi ine sipadzakhala chobisika."

Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Millie, Lenard anamuveka wotchi yofanana ndi yake. Inali ndi kasimu kakekake, moti inkagwira ntchito ngakhale foni itatsala kunyumba. Anayamba waidinizadiniza yekha kanthawi, akuti akuikonza kuti isadzamuvutitse. Millie sanafunse zambiri. Ndani amafunsa mafunso mtima ukusefukira?

Koma kwawo kwa Millie chinthu sichinkakhala cha munthu mmodzi. Ambulera, tochi, ngakhale juzi, zinkapita ndi yemwe wazifuna tsikulo. Amayi ake, a Alefa, anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo tsiku la msika lililonse ankanyamula nanazi kukagulitsa ku Chonde. Millie ankadziwa kuti wotchi si dokotala, komabe ankawaveka m'mawa wa tsiku la msika kuti akaona mtima ukuthamanga azikhala pansi n'kupuma.

Panalinso china chimene Millie yekha ankadziwa. A Alefa anakhala amasiye zaka zambiri chimwalirireni bambo ake. Tsopano akamaliza kugulitsa nanazi ankapita kuseri kwa msika, pakhonde la telala wina, a Ashraf, amenenso akazi awo anamwalira. Ankamwa tiyi ndi kucheza mpaka dzuwa kupendeka. Anamuululira mwana wawo mwamanyazi ngati kamtsikana, n'kumupempha kuti asunge pakamwa kufikira atalimba mtima. A Ashraf anali Msilamu, pomwe a Alefa ankatsogolera amayi kumpingo, ndipo mlongo wawo, a Ganizani, anali mkulu wa mpingo womwewo.

"Sindiuza munthu, amayi," Millie anatero. "Ngakhale Lenard."

Patapita nthawi mauthenga a Lenard anayamba kuzizira. Duwa la m'phiri linasowa. M'malo mwake kunabwera funso lakuti, "Dzulo unali kuti?" Millie anayankha zoona, kuti anali ku nazale tsiku lonse. Lenard anangolemba kuti, "Chabwino." Millie anawerenga liwu limenelo kambirimbiri osamvetsa chomwe analakwa.

Anachimvetsa tsiku lomwe ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakumana kuti asankhe tsiku la chinkhoswe. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kunyumba kwa a Ganizani, abambo pamipando, Millie ndi amayi ake pamphasa. Nkhani isanapite patali, Lenard anapempha kuti alankhule. Anaika foni yake patebulo n'kuonetsa akuluwo mapu okhala ndi kadontho kobiriwira. Kadontho kameneko, anatero, ndi wotchi ya Millie. Tsiku la msika lililonse kamapita ku Chonde, n'kukaima panyumba imodzimodzi kuseri kwa msika mpaka madzulo. Iye anali atapitako yekha kukafufuza, ndipo anapeza kuti panyumbapo pamakhala mwamuna wopanda mkazi. Millie afotokoze pamaso pa onse. Apo ayi, chinkhoswe palibe.

Millie anazindikira zonse nthawi yomweyo. Mawu ochepa chabe akanamuyeretsa! Akanangonena kuti tsiku la msika wotchiyo amavala ndi amayi, Lenard akanagwa nkhope, chinkhoswe chikanapitirira. Koma kenako maso onse akanatembenukira kwa yani?

Anayang'ana amayi ake. Anali atatsamira kale dzanja pamphasa kuti adzuke.

"Amayi, khalani pansi," Millie anatero motsitsa mawu. Kenako anagwada kuyang'ana a Ganizani. "Atsibweni, ndisanayankhe, afunseni a Lenard kuti mapu amenewa anafika bwanji m'foni mwawo."

A Ganizani anatembenukira mnyamatayo. Lenard anachita chibwibwi. Anavomera kuti anailumikiza wotchiyo ku foni yake tsiku lomwe anaipereka, koma anati n'chifukwa cha chikondi, kuti masiku ano misewu ndi yoopsa, kuti mwamuna aliyense wosamala akanachita chimodzimodzi.

"Ndinkafuna kukuteteza, wokondedwa wanga."

"Munandiuza?"

Lenard anayang'ana pansi.

"Munandimanga chingwe ngati mbuzi, a Lenard, n'kundiuza kuti ndi mphatso. Ine n'kumathokoza."

"Millie, tisatalikitse nkhani. Ungondiuza zomwe umakachita kumeneko, ndikukhululukira, zithere pompano."

"Sindinapemphe chikhululukiro. Za ku Chonde simudzazimva kwa ine, lero ngakhale mawa."

A Ganizani anamudzudzula Millie kwambiri. Anamukumbutsa kuti akakhala chete anthu adzamuyankhira okha, ndipo dzina la mtsikana likada silichedwa kufika m'mudzi monse. Millie ankadziwa kuti atsibweni ake akunena zoona. Komabe anamasula wotchiyo n'kuipereka ndi manja awiri kwa nkhoswe ya Lenard, chifukwa Lenardyo sanafune n'komwe kumuyang'ana iye. Alendowo ananyamuka osadya.

Sabata isanathe nkhani inali itafika ku nazale. Anzake ankasiya kulankhula iye akamayandikira, ndipo wina anamufunsa mwachipongwe ngati telala wa ku Chonde amasokanso madiresi a ukwati. Millie ankawerama pakati pa mbande ngati akuzula udzu, misozi ikugwera m'dothi. Kodi chikondi chimatha chifukwa choti munthu wakulakwira? Akamva minibasi ikuimba hutala, mtima unkamukumbutsabe Chitakale.

Uthenga unabwera masana ena: "Duwa langa, sindikudya, sindikugwira ntchito. Ndiuze chabe zoona, tibwererane." Millie anaufunafuna m'mawu amenewo mzere wonena kuti pepani. Munalibe. Anabweza foni m'thumba n'kupitiriza kuthirira.

Tsiku la msika litafika, anapeza amayi ake atakhala pakhonde, dengu la nanazi lili pambali, iwo osasamba n'komwe. Anati ku Chonde sadzapitakonso. Anati nkhalamba ngati iwo yapasula banja la mwana wake chifukwa cha kapu ya tiyi, ndipo lero lomwe apita kwa a Ganizani kukaulula zonse kuti Lenard abwerere.

"Akabwerera adzapeza ndani?" Millie anafunsa. "Ine sindinamusiye chifukwa cha inu, amayi. Atsibweni mudzawauza tsiku lomwe mwafuna inuyo, osati lomwe foni ya munthu yafuna."

"Nanga dzina lako, mwanawe?"

"Dzina langa ndilinyamula ndekha. Dzukani mukasambe, nanazi zikupsa."

Anawatulutsira chitenje chawo chatsopano, n'kuwakumbutsa kuti mawa lake adzapite limodzi kuchipatala cha ku Boma akayezetse magazi moyenera. Kenako anasenza dengulo yekha n'kuwaperekeza kumsewu, kudutsa pa mjigo pomwe amayi a m'mudzi anasiya kupopa madzi kuti amuone bwino. Millie anawapatsa moni mmodzimmodzi, mutu uli chilili pansi pa dengu, mpaka iwo ndi amene anayang'ana kumbali.

Minibasi ya ku Blantyre yodzera pa Chonde itaima, anakweza dengu n'kuwagwira amayi ake dzanja kuti akwere.

"Mukawapatse moni a Ashraf," Millie anawanong'oneza. "Ndipo musathamangire kubwerera."

Anaima pamenepo mpaka galimoto inabisika pakhona. Atatsala yekha anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kulowera njira ya ku nazale.