Kafupa ka Kumapeto kwa Mchira

Mfuko zinkakumba osapuma, osadandaula za dzuwa. Mfukozi zinali maloboti aang'ono ngati agalu, amene ankanunkhiza mafupa pansi pa nthaka n'kuwafukula mosamala. Fupa lililonse ankalipititsa m'tenti momwe munali Msanthuli, makina oona mkati mwa mwala popanda kuuswa. Msanthuli akaliunika, ankaliika pamalo pake pa chithunzi choyandama m'mwamba. Pang'onopang'ono m'khwawa la Chidyambuzi munadzuka dayinoso, chinyama chamakedzana chodya masamba, cha khosi lalitali loti n'kusuzumira pamwamba pa mlambe.

Mkulu wa ntchitoyi, Dokotala Ndaziona Chikuse, anakulira m'mudzi wa kutsidya kwa khwawalo. Ankafuna chinthu chimodzi basi: chinyamacho chipezeke kuti n'cha mtundu watsopano, achitche dzina la mayi ake, a Nachisale. Dzina la Chikuse ankangolinyamula ngati katundu wa eni. Bambo ake anachoka m'mawa wina wa dzinja iye ali mwana, ati akupita kumsika, ndipo sanabwerenso. Anthu, poti sasowa chonena, anati anawaona akukwera basi ya ku Joni ndi mkazi wina. A Nachisale analera ana ndi khasu, dzina la bamboyo osalitchulanso.

Tsoka lake, fupa lililonse Msanthuli ankangoti, "Mtundu wodziwika kale." Khosi lodziwika, miyendo yodziwika. Kenaka tsiku lina Yotamu Kachingwe, wachiwiri wake pantchito, analowa m'tenti ali wefuwefu, kafupa kali m'manja.

"Adokotala, mfuko yatulutsa aka kumunsi kuja, pomwe gombe linagumuka kalekale. Tamvani!"

Msanthuli anakaunika, n'kukaika kumapeto kwenikweni kwa mchira. "Fupa laling'ono la msana. Mkati muli timabowo ngati chisa cha njuchi, tofanana tonse. Palibe dayinoso wina wotere. Mtundu watsopano."

Yotamu anavina pomwepo, koma Ndaziona sanaseke n'komwe. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Mafupa a zinyama zotere amakhaladi ndi timabowo kuti apepuke, koma timakhala tosiyana, tina topindika, tina tothina. Iti tinali ngati toyeza ndi rula. Ndipo m'tenti ya Yotamu ndi momwe munkakhala makina oumbira mafupa osowa, oti akaonetse kwa alendo. Yotamu yemweyonso ndi amene ankalira tsiku ndi tsiku kuti dzina lake silinalowepo m'buku lililonse.

"A Kachingwe, kafupa aka mwakaumba ndinu?"

"Ine? Adokotala, mwandiona bwanji kodi?"

"Makina oumbira ali kwa inu. Wabwera nako ndinu."

"Yakafukula ndi mfuko! Funsani Msanthuli ngati kali ka dzulo."

Msanthuli anayankha ndi mawu ake osatekeseka aja. "Matope analowa m'timabowo tonse n'kuuma gwa. Lakhala pansi nthawi yaitali. Linali pakati pa mafupa enawa, choncho ndi limodzi mwa iwo."

Vuto la Msanthuli linali pamenepo. Amene anampanga anaiwala kumphunzitsa kunena kuti sindikudziwa, motero fupa lililonse ankalipezera malo, lifune lisafune.

"Mpaka ndidziwe zoona, musakhudzenso chilichonse muno," anatero Ndaziona. Yotamu anatuluka nkhope itagwa.

Atatsala yekha, Ndaziona anakagubuduza kafupako m'dzanja. Chala chake chachikulu chinapita chokha pa kamzere kena ka m'mbali, ngati chikukadziwa. Anachita mantha. Dzanja lake linali litagwirapo kale kanthu kotere.

Anawoloka khwawa wapansi, n'kuwapeza a Nachisale akutongola chimanga pakhonde.

"Amayi, kachitini kaja ka m'sutikesi kakadalipo?"

Bambo ake a Ndaziona anali mmisiri womanga nyumba. Nthawi ina anagwa padenga n'kuthyoka msana, ndipo kuchipatala anawaumbira fupa latsopano ndi dongo lina lolimba, losaola. Achipatala ankaumba awiri, lina n'kumpatsa wodwala kuti alisunge mwina loyambalo n'kuvuta. Ndaziona ali kamtsikana anabapo lachiwirilo m'kachitinimo n'kumasewerera phada, mpaka analandira nalo makofi.

"Za munthu ameneyo ukuzifuniranji?" anafunsa a Nachisale osadzutsa mutu. "Ndinangoiwala kukataya."

Linali bodza, ndipo onse awiri ankadziwa. Munthu saiwala chinthu chomwe amachipukuta fumbi chaka ndi chaka.

"Tengani, amayi. Tipitire limodzi."

"Makina akowo ndilibe nawo chikhulupiriro ine. Amakumba pansi osapepesa n'komwe."

Komabe anamanga chitenje n'kumutsatira. M'tenti muja Ndaziona anatsegula kachitini n'kuika kafupa kachiwiri pambali pa koyamba. Yotamu anaima pakhomo, osalowa.

Msanthuli sanachedwe. "Fupa lachiwiri la nyama yomweyi, lofanana ndendende ndi loyamba. Mchira ukutalika. Mwalifukula pati?"



"Akuti chiyani makinawa?" anafunsa a Nachisale.

"Akuti ababa sanapite ku Joni, amayi." Ndaziona anawatembenukira. "M'mawa uja khwawa linali litadzaza. Madzi anawakokolola, gombe n'kuwagumukira pamodzi ndi mafupa akalewa. Zina zonse zinaola. Katsala ndi aka."

A Nachisale anakhala pansi padothi, miyendo tambalale. Anakatenga kafupa kamatope kaja, n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana munthu ali pompano? Ndimawaponda pamutu popita kumsika, ine ndikuti akudyerera ku Joni?" Anakaika pachifuwa. "A Chikuse, a Chikuse inu! Mvula yonse ija munali panja nokha!"

Kulira kwawo kunamveka mpaka kutsidya, ndipo amayi a m'mudzi anayamba kutsika m'khwawa mmodzimmodzi. Ndaziona anamva chisoni chosakanikirana ndi manyazi. Anali atada munthu wosalakwa kuyambira ubwana wake, ndipo tsiku lomwelo anali atanamiziranso wina.

"A Kachingwe, ndakulakwirani. Mundikhululukire."

Yotamu anavula chipewa. Anapita pa makina n'kuzimitsa mfuko zonse. "Pano tsopano ndi pamaliro, adokotala. Okumba ndi adzukulu, osati izi."

Chinyamacho anachilemba kuti n'cha mtundu wodziwika kale, ndipo mchira wake unafupika ndi kafupa kamodzi. A Nachisale sanatchuke m'mabuku a kunja, ndipo sanadandaule. Timafupa tiwiri tija anatiika m'bokosi limodzi, mudzi wonse n'kuperekeza kumanda.

Dayinoso uja anadikira zaka mamiliyoni kuti apatsidwe dzina latsopano ndipo sanalipeze, koma anawasungira a Chikuse lawo mpaka mwana wawo atabwera kudzalitenga.